Bizinesi ndi Mtima Wokhudzika Msanga: Nkhani ya ku Nkhamanga

Munthu wokhudzika msanga ndi amene thupi ndi maganizo ake zimalandira mwamphamvu zinthu zimene anzake amangozidutsa. Phokoso la wailesi, fungo la petulo, nkhope yokwinya ya wogula ndi mawu amodzi olasa zimamulowa mozama, ndipo zimachedwa kumutuluka. Kumudzi amamutcha wofatsa, wamanyazi, wachisoni kapena woganiza kwambiri. Ambiri amakhulupirira kuti munthu wotere sangathe geni, poti msika umafuna wouma pakamwa ndi wolimba mtima. Komabe m'magolosale, m'maokala, m'zigayo ndi pa mashini osokera muli anthu ambiri a chibadwa chimenechi, ndipo ena mwa iwo ndi amene ogula amawakhulupirira koposa. Chimene chimawagwetsa kawirikawiri si kusadziwa malonda. Amagwa chifukwa cha kutopa kwa mtima komanso kulephera kukana.

Zimene ofufuza anapeza

Amene anatchukitsa nkhaniyi ndi katswiri wa za maganizo wa ku America, Elaine Aron, yemwe mu 1996 anatulutsa buku lotchedwa The Highly Sensitive Person. Mu 1997 iye ndi mwamuna wake, Arthur Aron, anafalitsa kafukufuku wokhala ndi mafunso 27 oyezera chibadwachi. Elaine Aron amati anthu 15 mpaka 20 mwa 100 alionse ndi okhudzika msanga, amuna ndi akazi omwe. Izi zikugwirizana ndi zimene Jerome Kagan wa ku yunivesite ya Harvard anaona mwa makanda a miyezi inayi: pafupifupi mmodzi mwa asanu ankalira ndi kuphiriphitha kwambiri akaona kapena kumva chinthu chachilendo. Kafukufuku wina wa mu 2018, wotsogoleredwa ndi Francesca Lionetti, anagawa anthu patatu, ndipo okhudzika kwambiri anali pafupifupi 30 mwa 100. Ziwerengerozi zinachokera kwa anthu a ku America ndi ku Ulaya, koma khalidwe limene zikufotokoza limadziwika m'mudzi uliwonse.

Aron anatchula zizindikiro zinayi. Choyamba, munthuyo amaganizira chinthu mozama asanachite. Chachiwiri, amatopa msanga pakakhala phokoso, piringupiringu kapena ntchito zambiri nthawi imodzi. Chachitatu, chimwemwe ndi chisoni zimamugwira mwamphamvu, ndipo ululu wa mnzake amaumva ngati wake. Chachinayi, amaona zing'onozing'ono zimene ena saziona. Chibadwachi si matenda, ndipo sichifanana ndendende ndi manyazi, pakuti Aron anapeza kuti pafupifupi 30 mwa 100 a anthu otere amakonda kucheza pagulu. Ofufuza ena, monga Jay Belsky ndi Michael Pluess, anasonyeza mfundo imene wamalonda ayenera kuisunga: munthu wokhudzika msanga amavutika kuposa anzake pamalo oipa, koma pamalo abwino amapindulanso kuposa iwo. Choncho mmene wakonzera ntchito yake ndi mmene zinthu zimamuyendera.

Malonda a ku Nkhamanga

Nkhamanga ndi chigwa cha m'boma la Rumphi, kumadzulo kwa tauni ya Rumphi, pakati pa mapiri a Nyika ndi dambo la Vwaza. Likulu lake ndi Bolero, komwe kumakhala mfumu yaikulu ya Atumbuka, Chikulamayembe, ndipo chaka ndi chaka kumachitikira mwambo wa Gonapamuhanya. Ufumu umenewu unayamba ndi malonda. M'zaka za m'ma 1700 Mlowoka, kholo la ufumuwu, ndi anzake anawoloka nyanja kudzafuna minyanga ya njovu, ndipo anakopa eni dziko powapatsa nsalu, mikanda ndi makasu. Kuyambira kalelo, malonda a m'derali akhala akuyenda pamodzi ndi ubale, mphatso ndi ulemu.

Masiku ano chuma cha Nkhamanga chimadalira kwambiri fodya wa bale. Alimi amafesa nazale nyengo yotentha, amawokera mvula ikagwa mu Disembala, amathyola ndi kuyanika m'zigafa kuyambira cha mu Febuluwale, kenaka amatumiza mabelo ku okushoni ya ku Mzuzu, imene imatsegulidwa cha mu Epulo kapena Meyi. Zimenezi zimagawa chaka cha wamalonda pawiri. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ndalama zimasowa, chakudya chimachepa m'nkhokwe, ndipo pafupifupi aliyense wofika pa kauntala amapempha ngongole. Fodya akagulitsidwa, ndalama zimabwera nthawi imodzi, misika imadzaza, zimkuzamawu zimalira, ndipo wamalonda amagwira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Nyengo ziwiri zonsezi n'zolemera kwa munthu wokhudzika msanga. Yoyamba imamupanikiza ndi chisoni, yachiwiri imamupanikiza ndi phokoso.

Vuto loyamba: ngongole

M'mwezi wa Febuluwale, pa golosale ya m'mudzi pamachitika zinthu zofanana tsiku ndi tsiku. Mayi amafika ndi mwana kumbuyo, amapereka moni mwaulemu, amafunsa za kunyumba, kenaka amatsitsa mawu: "Adada, mundipatseko sopo ndi mchere, ndidzabweza fodya akagulidwa." Wogulitsa amamudziwa mayiyo, amadziwa munda wake, mwina anakhala naye limodzi pamaliro sabata yatha. Akatsegula kope, amapeza dzina lake lilimo kale kawiri. Wamalonda wina amakana n'kuiwala. Wokhudzika msanga akakana amagona akuona nkhope ya mwana uja, ndipo akavomera amagona akuwerengera mashelefu amene akutha.

Vutoli limakula chifukwa ogula ambiri ndi abale. Asibweni (amalume), ankhazi (azakhali), alamu ndi apongozi sapempha ngati makasitomala, amapempha ngati eni ake a munthuyo, ndipo kuwakumbutsa ngongole kumaoneka ngati chipongwe. Komanso lonjezo la "fodya akagulidwa" silidalira mlimi yekha. Mabelo amatha kubwezedwa ku okushoni, mtengo umatha kutsika, ndipo mlimi amene analima pa mgwirizano ndi kampani amalandira zotsala kampaniyo itadula ngongole ya feteleza ndi zipangizo zina. Wagolosale amakhala kumapeto kwa mzere wa olipidwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndalama yolembedwa m'kope sigula katundu ku Mzuzu.

Kugwa mphamvu kwa kwacha kwawonjezera ululu. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inaitsitsanso ndi 44 peresenti. Amene anakongoza botolo la mafuta ophikira pa mtengo wakale n'kulipidwa patapita miyezi isanu anapeza kuti ndalamayo singaodenso botolo lomwelo. Ngongole yobwezedwa yonse imathabe kudya mpamba.

Vuto lachiwiri: phokoso, kunenerera ndi mawu owawa

Tsiku la msika pa Bolero kapena pa Mwazisi limasonkhanitsa zonse zimene zimatopetsa munthu wotere: njinga zamoto za kabaza, ogulitsa kaunjika oitanira mokuwa, nyimbo zolimbana kuchokera m'mashopu oyandikana, fumbi, dzuwa ndi manja ambiri ofuna chenji nthawi imodzi. Pakadutsa maola angapo, mutu umayamba kulemera. Amalakwitsa chenji, amaiwala amene walipira, amayankha mwaukali munthu wosalakwa, kenaka amadziimba mlandu usiku wonse. Ulendo wokaoda katundu ku msika wa Taifa ku Mzuzu, kapena kuwoloka Songwe kupita ku Kyela m'dziko la Tanzania, umamusiya wofooka kwa tsiku lathunthu pamene mnzake amadzuka m'mawa ali bwinobwino.

Kunenerera nakonso n'chiyeso. Wogula akanena kuti "mwadulitsa, uko n'kotchipa," nthawi zambiri amangoyesa mwayi. Wokhudzika msanga amamva ngati wanenedwa kuti ndi wakuba, ndipo amatsitsa mtengo mpaka phindu kutha, pongofuna kuti mkangano uthe. Telala akauzidwa kuti diresi silinakhale bwino amatha kusoka lina mwaulere ngakhale cholakwa chinali chaching'ono. Pamwamba pa izi pali miseche. Bizinesi ikamayenda bwino pamamveka manong'onong'o a nsanje ndi a zizimba, ndipo ikagwa anthu amaseka. Ena amasiya dala kukulitsa shopu poopa pakamwa pa anthu.

Vuto lachitatu: antchito ndi zosankha zazikulu

Amene walemba wantchito amakumana ndi ntchito yodzudzula. Mnyamata wapachigayo akamachedwa, kapena ndalama za m'kabati zikamaperewera, wokhudzika msanga amazindikira msanga koma amachedwa kulankhula. Amasunga nkhaniyo mumtima milungu ingapo, ndipo tsiku limene wayankhula amaphulika, kapena amangomuchotsa munthuyo popanda kumufotokozera. Njira zonse ziwiri zimawononga ubale ndi ndalama.

Pa zosankha zazikulu, monga kutenga ngongole ku bungwe lokongoza ndalama kapena ku banki, kuganiza mozama kumatha kusanduka kuzengereza. Munthu amaona zoopsa zonse, amawerengera mobwerezabwereza, mpaka nyengo yogula soya kapena mtedza pa mtengo wabwino imadutsa. Nthawi zina zimachitika mosiyana: atatopa ndi kupanikizika, amavomera msanga katapila kuti vuto la lero lichoke, n'kulowa m'vuto lalikulu la mawa.

Mphamvu zimene chibadwachi chimabweretsa

Maso amene amaona nkhope yokhumudwa ndi omwewo amene amaona kuti shuga wa mtundu wina wasiya kuyenda, kuti nkhuku imodzi m'khola yazolika mutu, kapena kuti injini ya chigayo yasintha kaliridwe lamba asanaduke. Posankha fodya, ntchito yonse ili m'maso ndi m'zala: kusiyanitsa tsamba lofiirira bwino ndi lothimbirira, kumva chinyezi pogwira, kununkhiza nkhungu isanaoneke. Belo losankhidwa mosamala silibwezedwa kawirikawiri. Munthu wokhudzika msanga amachita bwino pa ntchito zotere mwachibadwa.

Amakumbukiranso ogula. Amadziwa gogo amene amafuna kuwerengeredwa chenji pang'onopang'ono, ndi mphunzitsi amene amalipira mwezi ukatha mosaphonya. Sakonda kubera pa sikelo chifukwa chikumbumtima sichimupatsa tulo. M'dera limene aliyense amadziwa mnzake, mbiri ya kukhulupirika ndi chuma chimene wopikisana naye sangachigule. Kusamala kwake pa zoopsa kumamutetezanso kwa anthu obwera ndi malonjezo a phindu la msangamsanga, amene amachuluka nyengo ya ndalama za fodya.

Njira zoyendetsera bizinesi popanda kudzipweteka

Mfundo yaikulu ndi imodzi: zosankha zovuta zipangidwe pasadakhale, mtima uli m'malo, kuti pa kauntala munthu azingotsatira lamulo limene anadziikira kale. Wokhudzika msanga sangapambane mkangano ndi chisoni chake pamene wopempha waima patsogolo pake. Amapambana ngati nkhaniyo inagamulidwa kale.

Pa ngongole, chikwangwani cha "ngongole mawa" sichikwanira, chifukwa ku Nkhamanga wamalonda amene sakongoza konse nyengo ya mvula amataya ogula. Chothandiza ndi malire olembedwa. Mwini bizinesi amasankha ndalama yonse imene angakongoze pa nyengoyo popanda kulephera kuoda, amaika malire a munthu mmodzi, ndipo salemba ngongole yachiwiri yoyamba isanabwezedwe. M'kope mumalembedwa dzina, katundu, mtengo ndi tsiku lobweza, wokongolayo akuona. Katundu amene mtengo wake umasinthasintha, monga mafuta ophikira ndi feteleza, angathe kukongozedwa pa mgwirizano wakuti adzalipiridwa pa mtengo wa tsiku lobweza. Malire akakwana, yankho limakhala laulemu ndi losasintha: "Amama, kope la ngongole ladzaza, sindingathe kuwonjezera mpaka ena abweze." Mawu okonzeratu amachotsa mantha osowa chonena, ndipo wopemphayo amamva kuti sanakanidwe chifukwa cha chidani.

Abale amafunika njira yawoyawo. Ndi bwino kupatula kandalama kodziwika mwezi uliwonse kothandizira abale, kochokera pa phindu, n'kukapereka ngati mphatso yosayembekezera kubwezedwa. Kakatha, katha. Motero chifundo chimapeza njira yake, ndipo mpamba sukhudzidwa. Kusunga ndalama za bizinesi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena kuziika m'banki m'khonde, kumathandizanso chifukwa ndalama imene ili m'kabati ndi imene imaperekedwa mopupuluma.

Kulonjerera ngongole si ntchito imene mwini bizinesi ayenera kuigwira yekha. Mkazi kapena mwamuna wake, mwana wamkulu kapena mnzake wodalirika angathe kupita m'malo mwake, ndipo uthenga wa pa foni wolembedwa mwaulemu umapepuka kuposa kukumana maso ndi maso. Ngongole yaikulu ikakanika, pali njira zodziwika za m'mudzi: kukambirana pamaso pa akuluakulu a banja, kenaka kwa mfumu. M'mabanja ambiri amalonda, mmodzi amaima pa kauntala tsiku la msika pamene wina amasunga mabuku, kuoda ndi kukonza katundu. Kugawana kotereku kumaika aliyense pamene ali ndi mphamvu.

Pa mitengo, kulemba mtengo pa katundu aliyense kumachepetsa kunenerera. Pamene kunenerera sikungapeweke, monga pa kaunjika, wogulitsa adziwiretu mtengo wotsika kwambiri umene sangaupitirire. Akafuna kusangalatsa wogula, basela laling'ono limaposa kutsitsa mtengo. Dandaulo la kasitomala liyankhidwe pa chinthu chimene chalakwika: ngati msoko wapindika, ukonzedwe msokowo. Mawu ena onse onenedwa mwaukali ndi a mwini wake.

Thupi nalo limafuna dongosolo. Kuwerengera ndalama ndi kulemba mabuku kuchitike m'mawa kusanadzaze anthu. Tsiku la msika pakhale nthawi yochepa yochoka pa kauntala n'kukakhala kuseri kwa shopu pachete, ndipo chakudya chamasana chisaphonyedwe, pakuti njala imakulitsa kukhudzika. Tsiku lotsatira ulendo wokaoda likhale la ntchito zopepuka. Foni ya bizinesi ikhale ndi ola lozimitsira. Mowa umene ena amamwa kuti aiwale za tsikulo umasokoneza tulo ndipo umadya phindu lomwelo limene likudetsa nkhawa.

Wantchito auzidwe malamulo tsiku loyamba: nthawi yofika, kawerengedwe ka katundu, ndi chimene chidzachitike ndalama zikaperewera. Kuwerengera katundu limodzi sabata iliyonse kumachititsa kuti kope lizilankhula m'malo mwa mwini wake, ndipo cholakwa chimakambidwa chikadali chaching'ono. Pa zosankha zazikulu, lamulo labwino ndi kugonera nkhani usiku umodzi, kufunsa munthu mmodzi wodziwa, n'kudziikira tsiku lomaliza logamula. Zimenezi zimateteza ku kupupuluma komanso ku kuzengereza.

Kusankha bizinesi yoyenera

Si bizinesi iliyonse imene imafuna kukuwa pamsika. Kusoka, ukalipentala, kuweta nkhuku, kukonza mafoni, kufesa mbande za mitengo ndi ulimi wa njuchi, umene umachitika m'midzi yoyandikana ndi Nyika ndi Vwaza, ndi ntchito zimene zimalipira kusamala ndi luso kuposa pakamwa. Kugulitsa kwa ogula ochepa okhazikika, monga masukulu, malo odyera ndi mashopu a pa boma la Rumphi, kumachepetsa kukangana ndi anthu ambiri tsiku lililonse. Kulowa m'kalabu kapena kopaletivi kumapatsa munthu wofatsa mwayi wogulitsa pamodzi ndi anzake, wolankhula bwino n'kumayankhulira gulu. Ndi nzerunso kukhala ndi malonda amene sadalira fodya yekha, monga mazira, ndiwo zamasamba za kudimba kapena kugaya chimanga, kuti ndalama zizilowa pang'onopang'ono chaka chonse. Ndalama yolowa mokhazikika, ngakhale yochepa, imapatsa munthu wotere mtendere umene ndalama yambiri ya nyengo imodzi singamupatse.

Pamene pakufunika thandizo la achipatala

Kukhudzika msanga si matenda, koma kupanikizika kwa nthawi yaitali kungabweretse matenda a nkhawa ndi okhumudwa. Kutopa kwa tsiku la msika kumatha munthu akapuma. Koma ngati kwa milungu iwiri kapena kupitirira munthu sakugona, sakufuna kudya, wasiya kutsegula shopu, akudzipatula, kapena akulankhula zofuna kudzipha chifukwa cha ngongole, pamenepo pakufunika thandizo mwachangu. Poyambira ndi pa chipatala chapafupi kapena pa chipatala cha boma la Rumphi, ndipo ku Mzuzu kuli chipatala cha Saint John of God chimene chimathandiza anthu ovutika maganizo. Abusa, ansembe ndi akuluakulu a banja angathandize kumvetsera komanso kukambirana ndi okongoza za kabwezedwe. Amuna ndi amene amabisa kwambiri mavuto otere poopa kutchedwa ofooka, choncho apabanja asadikire kuti munthuyo ayambe yekha kunena.

Abale ndi ogula nawonso ali ndi mbali yawo. Kubweza ngongole pa tsiku lolonjezedwa, kulemekeza yankho lakuti "sindingathe," ndi kupereka dandaulo popanda kunyoza ndi zinthu zimene zimasunga shopu ya m'mudzi kuti isatsekedwe. Munthu wokhudzika msanga safunika kuumitsa mtima kuti achite bwino pa malonda. Amafunika malire olembedwa, mnzake wogawana naye ntchito ndi nthawi yopuma. Akapeza zitatuzi, kusamala ndi kukhulupirika kwake zimamusungira ogula kwa zaka zambiri.